Za Kapitawo wa Pakhomo la Makompyuta

A Mkonzi a magazini yathu ino anandipempha kuti ndilembeko mawu pang'ono pa za ntchito imene ife a Kalabu ya Makompyuta tagwira chaka chino. Poyamba ndinafuna kukana, pakuti ndidziwa kuti anzanga ambiri akatsegula magazini amathamangira nkhani za mpira ndi za ulendo wa kunyanja. Koma nditakumbukira nkhope za anzanga a Fomu 4 madzulo ena a m'teremu yachiwiri, ndinaona kuti ndili nayo ngongole kwa iwo. Tsiku lija anatinena kuti ndife anthu ongodziwa kulankhula, ndipo kunena zoona sanalakwe. Tsono ndifuna kufotokoza chimene chinavuta, chimene tinachitapo, ndi zimene tinaphunzira pochita.

Zimene zinachitika madzulo aja

Nonse mudziwa kuti m'chipinda cha makompyuta muli kompyuta ina pakona, yopanda munthu wokhalapo, imene timaitcha laibulale. M'menemo tinasungamo manotsi a aphunzitsi, mapepala a mayeso a zaka zapitazo, ndi pulogalamu ya mafunso odziyesera imene imachonga yokha mayankho. Kompyuta yotere, imene ntchito yake ndi kudikira kuti ena aipemphe zinthu ndi kuwapatsa, imatchedwa seva. Munthu akakhala pa kompyuta ina nalemba adiresi ya laibulale, kompyuta yakeyo imatumiza pempho, ndipo seva imabweza yankho, ndilo tsamba limene munthuyo amaliona pamaso pake.

Masiku onse ntchito inkayenda bwino, popeza opempha ankakhala owerengeka pa nthawi imodzi. Koma kutatsala sabata imodzi kuti mayeso oyeserera ayambe, makalasi onse awiri a Fomu 4 analowa pamodzi, ena pa makompyuta, ena pa matabuleti, yense afuna mafunso a masamu. Seva inayamba kuchedwa. Tsono munthu akaona kuchedwa sadikira, amadinanso, nadinanso kachitatu, motero pempho limodzi linasanduka mapempho atatu kapena anayi. Posakhalitsa laibulale inangoti zii. Tinaizimitsa ndi kuiyatsanso kawiri konse, koma belu linalira anthu ambiri asanayankhe ngakhale funso limodzi. Madzulo athunthu a kuwerenga anatayika chomwecho.

M'mawa mwake tinapita kwa aphunzitsi athu oyang'anira kalabu kukapempha kuti sukulu igule kompyuta yamphamvu. Iwo anaseka nati, "Ana inu, ndalama zimenezo mwaziona kuti? Kodi m'chipinda chosungira katundu muja mulibe makompyuta 4 amene angokhala ndi fumbi? Mutu umodzi susenza denga. Pitani mukawerenge za load balancing ndi reverse proxy, ndipo Lachisanu mudzandiuze zimene mwapeza."

Tiyambe ndi chigayo

Mawu awiri amenewa ndi achilendo, koma nzeru yake si yachilendo konse. Taganizani za munthu amene ali ndi chigayo chimodzi pamsika. Masiku wamba amayi amabwera mmodzimmodzi, ndipo palibe wodandaula. Koma nyengo ya zikondwerero ikafika, mzere umafika kumsewu, injini imatentha, lamba amaduka, ndipo onse amabwerera ndi chimanga chawo pamutu. Mwini chigayo ali ndi njira ziwiri. Akhoza kugula chigayo chachikulu, koma mtengo wake ndi woopsa, ndiponso tsiku limene lamba wa chachikulucho adzaduka, anthu adzabwereranso osagayitsa. Kapena akhoza kuika zigayo zitatu zazing'ono m'nyumba imodzi, kuti china chikafa, ziwiri zipitirize ntchito.

Koma zigayo zitatu pazokha sizithetsa vuto, pakuti anthu onse adzaunjikana pa chigayo chimene chili pafupi ndi khomo, zinazo zili kulira pachabe. Chifukwa chake pafunika kapitawo woima pakhomo. Iye amalandira thumba kwa mayi aliyense, nayang'ana m'kati, nalipereka ku chigayo chimene chiyenera, ndipo ufa ukatuluka amaubweza kwa mwini wake. Mayiyo salowa m'nyumbamo, ndipo sadziwa kuti chimanga chake chagayidwa ndi chigayo chiti. Iye adziwa kapitawo yekha basi.

Taonani kuti kapitawoyu ali kugwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndiyo kuima pakhomo m'malo mwa amene ali m'kati, kulandira mapempho ndi kubweza mayankho. Imeneyi ndiyo ntchito ya reverse proxy. Yachiwiri ndiyo kugawa katundu kuti pasapezeke wolemedwa pamene mnzake ali manja lende. Imeneyi ndiyo load balancing. Pa makompyuta kapitawo ameneyu si munthu ayi, koma pulogalamu yoikidwa pa kompyuta imene imaima kutsogolo kwa maseva ena.

Kapena wina afunse kuti, nanga liwu lakuti reverse labwera bwanji? Proxy ndi woimira wina, monga nkhoswe. Pa ukwati pamakhala ankhoswe awiri, wakuchimuna ndi wakuchikazi. Wakuchimuna amapita kukalankhula m'malo mwa wopempha. Woteroyo pa makompyuta amatchedwa forward proxy, ndipo masukulu ndi maofesi ambiri amamuika kuti onse ofuna kupita pa intaneti adzere mwa iye. Wakuchikazi amakhala kumbali ya opemphedwa, nalandira mawu a alendo m'malo mwa eni nyumba. Ameneyo ndiye reverse proxy. Ntchito yawo ifanana, koma asiyana mbali imene aimira.

Kumene nzeruyi inachokera

Seva yoyamba ya masamba a pa intaneti inali kompyuta imodzi yokha. Tim Berners-Lee, Mngelezi amene ankagwira ntchito ku CERN pafupi ndi mzinda wa Geneva, anaiyambitsa mu 1990 pa kompyuta ya mtundu wa NeXT, ndipo pa kompyutayo anamatapo kapepala kochenjeza anthu kuti asaizimitse. Mu 1995 kagulu ka anthu ongodzipereka kanatulutsa pulogalamu ya Apache, imene aliyense akanatha kuitenga kwaulere, ndipo kwa zaka zambiri inali seva yogwiritsidwa ntchito koposa ina iliyonse pa dziko lapansi.

Apache ya masiku amenewo inkagwira ntchito motere: mlendo aliyense akafika, inkamupatsa wantchito wakewake, woima naye kufikira atachoka. Alendo 100 ankafuna antchito 100, ndipo wantchito aliyense ankadya gawo lake la memory ya kompyuta, ngakhale pamene mlendo wake ali chete osapempha kanthu. Anthu atachuluka pa intaneti, njira imeneyi inayamba kulemera. Mu 1999 katswiri wina dzina lake Dan Kegel analemba za vuto limene analitcha C10k, ndiko kunena kuti, kodi kompyuta imodzi ingatumikire bwanji alendo 10,000 pa nthawi imodzi?

Mmodzi mwa amene anayankha funsoli ndi Igor Sysoev, amene anabadwira ku Alma-Ata m'dziko la Kazakhstan, nakagwira ntchito yoyang'anira maseva ku kampani ya Rambler mu mzinda wa Moscow. Rambler inali limodzi la masamba akuluakulu a ku Russia, ndipo alendo ake anali ochuluka ndithu. Mu 2002 Sysoev anayamba kulemba pulogalamu yake, naitulutsa kwa anthu onse pa 4 October 2004, tsiku lofanana ndi limene anthu a dziko la Soviet Union anaponya Sputnik mumlengalenga mu 1957. Dzina lake limalembedwa Nginx, koma potchula timati "enjini eksi." Mu 2011 anakhazikitsa kampani ya dzina lomwelo, ndipo mu 2019 kampani ya F5 ya ku America inaigula ndi madola 670 miliyoni. Chikhalirechobe pulogalamu yaulere ija ilipo, ndipo ndi imene ife tinatenga osalipira ngakhale tambala.

Nzeru ya Sysoev aphunzitsi athu aidziwa bwino, pakuti ndiyo imene amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. M'kalasi la ana 60 simukhala aphunzitsi 60. Mphunzitsi mmodzi amayenda pakati pa madesiki, napita kwa amene waimika mkono, namuthandiza, napita kwa wina. Amene ali kulemba mwakachetechete samutayira nthawi. Nginx imatero: imakhala ndi antchito owerengeka, kawirikawiri mmodzi pa core iliyonse ya processor, ndipo yense amasamala alendo zikwizikwi, kutembenukira kwa amene ali ndi kanthu pa nthawiyo. Chifukwa chake kompyuta yakale ndi yofooka ikhoza kukhala kapitawo wabwino.

Ndisanamizire kuti Nginx ili yokha pa ntchitoyi. Mfalansa wina, Willy Tarreau, anayamba kulemba HAProxy mu 2000, ndipo ntchito yake yeniyeni ndiyo kugawa katundu. Apache nayonso inaphunzira, ndipo ili ndi zigawo zake zochitira ntchito ya kapitawo, ndiponso njira yatsopano yosamalira alendo ambiri ndi antchito ochepa. Ife tinasankha Nginx chifukwa malamulo ake tinawamva msanga.

M'mene tinamuikira kapitawo

Tinatenga makompyuta 3 mwa 4 aja. Awiri tinawasandutsa maseva, ndi kukoperamo zonse za mu laibulale yakale, kotero kuti malaibulale anakhala atatu. Yachitatu tinaikamo Nginx ndi kuipatsa adiresi imene nonse munaizolowera. Kenaka tinalemba malamulo ake, ndipo mtima wa malamulowo ndi uwu:

upstream laibulale {
    server 192.168.1.11 weight=2;
    server 192.168.1.12;
    server 192.168.1.13;
}
server {
    listen 80;
    location / {
        proxy_pass http://laibulale;
    }
}

Musaope zilembozi. Gawo loyamba liuza kapitawo maadiresi a zigayo zake zitatu. Gawo lachiwiri limuuza kuti aime pa khomo nambala 80, limene ndilo khomo la masamba wamba, ndipo chilichonse chofika pamenepo achipereke ku gulu lotchedwa laibulale. Mizere 11 yokha ndiyo inachotsa manyazi athu. Tinaphunziranso mwambo wabwino, wakuti tisanamuuze kapitawo kuti atsate malamulo atsopano, tiyambe tawayesa ndi lamulo lakuti nginx -t, limene limanena ngati talakwitsa polemba. Malamulo akakhala bwino, Nginx imawalandira popanda kuthamangitsa alendo amene ali kale m'kati.

Njira zogawira katundu

Tsono funso lalikulu ndi ili: kapitawo asankha bwanji? Pali njira zingapo, ndipo iliyonse ili ndi ubwino wake ndi kuipa kwake.

Njira yoyamba ndiyo yosinthana, imene imatchedwa round robin. Pempho loyamba lipita ku seva yoyamba, lachiwiri ku yachiwiri, lachitatu ku yachitatu, lachinayi libwereranso ku yoyamba. Nginx imatsata njira imeneyi ngati simunaiuze ina. Koma makompyuta salingana mphamvu, monganso anthu salingana. Laibulale yathu yakale iposa anzake awiri aja, motero tinailembera weight=2. Tanthauzo lake ndi lakuti pa mapempho 4 alionse, iyo itenga 2, ndipo anzakewo atenga limodzilimodzi. Kugawa mwachilungamo sikutanthauza kupatsa onse mofanana, koma kupatsa yense monga mwa mphamvu yake.

Kuipa kwa njira yosinthana ndi kwakuti imawerenga mapempho osayang'ana kulemera kwake. Kuchigayo kuja mayi wina amabwera ndi kalichero, wina ndi matumba awiri. Ngati mwatsoka matumba onse akuluakulu agwera chigayo chimodzi, kapitawo wosinthana adzapitirizabe kuchiunjikira katundu nthawi yake ikakwana, pamene zinazo zatha kale ntchito. Chifukwa chake pali njira yachiwiri, imene mu Nginx imalembedwa least_conn. Pamenepa kapitawo amayamba wayang'ana kuti ndani ali ndi alendo ochepa pa nthawi imeneyo, nam'patsa ameneyo. Kwa ife njirayi ndiyo inayenera, pakuti kutsegula tsamba la manotsi ndi kanthu kakang'ono, koma kuchonga mafunso 50 ndi ntchito yolemera.

Njira yachitatu ndiyo yobweza mlendo kwa amene anamutumikira kale. Telala akakuyesa Lolemba nalemba miyeso yako m'kabuku kake, sungapite kwa telala wina Lachitatu kukafunsa malaya ako. Momwemonso seva imene yalandira dzina lako ndi mayankho ako oyamba ndiyo yokha ikukumbukira. Ife tinaliona vutoli tsiku loyamba lomwe. Mnzanga wina analowa ndi dzina lake, nayankha funso loyamba, koma podina lachiwiri kapitawo anamutumiza ku seva ina, imene inamufunsa kuti, "Ndiwe yani?" Nginx ili ndi mankhwala a matendawa, otchedwa ip_hash, amene amayang'ana adiresi ya mlendo ndi kumutumiza ku seva imodzimodzi nthawi zonse.

Apa ndi pamene tinagwa m'mbuna. Titalemba ip_hash, anthu onse anapita ku seva imodzi, ziwiri zili kugona. Tinasauka nazo masiku awiri, kufikira titawerenga bwino malangizo a pulogalamuyo. Adiresi ya kompyuta ili ndi magawo 4, ndipo ip_hash imayang'ana magawo 3 oyamba okha. Pasukulu pano makompyuta onse maadiresi ake amayamba ndi 192.168.1, motero kwa kapitawo tonse tinaoneka ngati munthu mmodzi. Potsiriza tinaisiya njirayi, ndipo tinakonza kuti maina ndi mayankho a anthu azisungidwa pamalo amodzi, pamene maseva onse atatu amawerenga. Kabuku ka miyeso kakakhala kamodzi, telala aliyense akhoza kukusokera.

Kudziwa amene wadwala

Kugawa katundu ndi theka chabe la ntchito ya kapitawo. Theka linalo, limene ine ndiliyesa lalikulu, ndilo kudziwa amene wadwala. Kapitawo wopereka matumba ku chigayo chakufa ndi woipa kuposa kusakhala ndi kapitawo.

Nginx ikatumiza pempho ku seva ndipo sevayo yalephera kuyankha, imatenga pempho lomwelo ndi kulipereka kwa ina, mlendo osadziwa kuti china chachitika. Kenaka imaipumitsa seva yodwalayo. Ngati simunasinthe malamulo, kulephera kamodzi kokha kumakwanira kuti seva ipumitsidwe masekondi 10, ndipo akatha masekondiwo imayesedwanso ndi pempho lina. Ikayankha bwino imabwezedwa pa ntchito. Koma pali mapempho ena amene Nginx siwabwereza mwachisawawa akafika kale ku seva, monga otumiza fomu. Chifukwa chake n'chomveka: ngati fomuyo inali yolipira ndalama, kuitumiza kawiri ndiko kulipiritsa munthu kawiri.

HAProxy imachita mochenjera koposa pamenepa, pakuti ikhoza kumagogoda kwa seva iliyonse pakapita kanthawi, kufunsa ngati ili moyo, isanatumizeko mlendo weniweni. Pa Nginx kugogoda kotere kuli mu mtundu wake wogulitsa, wotchedwa Nginx Plus.

Tsiku limene tinasonyeza ntchito yathu, aphunzitsi athu anachita chinthu chimene chinandiumitsa pakamwa. Anthu ali pakati pa mafunso, iwo anapita pakona nazula chingwe cha seva yachiwiri osatichenjeza. Ndinayang'ana m'chipinda monse kudikira phokoso. Owerengeka anaona tsamba likuchedwa kwa kanthawi, koma palibe anataya mayankho ake, ndipo ambiri sanadzutse n'komwe mutu.

Mukadziwa zimenezi mudzatha kuwerenga manambala ena amene mumakumana nawo pa intaneti. Tsamba likakulemberani 502 Bad Gateway, ndiye kuti wapakhomo ali moyo, koma a m'kati sanamupatse yankho lomveka. Likalemba 504 Gateway Timeout, ndiye kuti anadikira yankho kufikira nthawi inatha, ndipo Nginx imadikira masekondi 60 ngati simunaiuze zina. Pamenepo foni yanu ilibe mlandu, ndipo kudinadina sikuthandiza, kumangowonjezera katundu pa amene alemedwa kale.

Ntchito zina za wapakhomo

Popeza zonse zidzera mwa iye, kapitawo akhoza kuchita zinanso zothandiza. Choyamba, akhoza kusunga makope a zinthu zofunsidwa kawirikawiri. Anthu 80 akafuna pepala limodzi la Biology, iye amalitenga ku seva kamodzi kokha, nagawira otsalawo kuchokera pa kope lake. Kusunga kotere kumatchedwa cache. Chachiwiri, amateteza maseva kwa alendo ochedwa. Munthu wa foni ya netiweki yofooka amalandira tsamba pang'onopang'ono. Kapitawo amatenga yankho lonse ku seva mwamsanga, naimasula kuti ikatumikire ena, ndipo iye amatsala ndi mlendoyo kumam'patsa monga mwa liwiro lake. Chachitatu, pa masamba otetezedwa, amene adiresi yake imayamba ndi https ndipo amadzera pa khomo nambala 443, kapitawo ndiye amasunga makiyi ndi kugwira ntchito yotseka ndi kutsegula mauthenga. Chachinayi, amabisa maseva kwa anthu akunja, ndipo akhoza kuchepetsa liwiro la mlendo amene atumiza mapempho mopitirira muyeso.

Palinso phindu lina limene tinalikonda koposa. Kale tikafuna kukonza laibulale tinkadikira Loweruka, pamene palibe woifuna. Tsopano timauza kapitawo kuti seva yakutiyakuti ili pa tchuthi, timaikonza masana anthu ali kuwerenga, kenaka timaibweza ndi kutenga ina.

Zimene kapitawo sangathe

Ndingakhale wabodza ndikanena kuti zonse zinatha bwino. Kugawa ntchito kumabala mavuto akeake, ndipo atatu mwa iwo tinakumana nawo.

Loyamba ndi lakuti maseva onse ayenera kukhala ndi zinthu zofanana. Tsiku lina aphunzitsi a Geography anatipatsa manotsi atsopano, ndipo mnzathu wina anawaika pa seva imodzi yokha. Tsono anthu anayamba kukangana, wina ati manotsi alipo, wina ati palibe, ndipo onse ankanena zoona. Kuyambira pamenepo tinakonza kuti chilichonse chatsopano chizikopedwa ku maseva onse atatu pa nthawi imodzi.

Lachiwiri ndi lakuti maseva saonanso nkhope za alendo. Titayang'ana m'kaundula wa seva, tinapeza kuti mapempho onse alembedwa ngati achokera kwa munthu mmodzi, ndiye kapitawo. Mankhwala ake ndi kumuuza kuti pa pempho lililonse azimatapo kachikalata kotchedwa X-Forwarded-For, kamene kamanena adiresi ya mwini pempho.

Lachitatu ndilo lalikulu. Madzulo ena munthu wina posesa anakoka chingwe cha magetsi cha kompyuta ya kapitawo. Maseva onse atatu anali amoyo ndi okonzeka, koma palibe ndi mmodzi yemwe anatha kuwafikira, pakuti khomo linali limodzi ndipo linatsekeka. Tinathawa kudalira seva imodzi, koma tinayamba kudalira kapitawo mmodzi. Apa ndi pamene kompyuta yachinayi ija inapeza ntchito. Tinaiika kukhala kapitawo wachiwiri, ndipo pa awiriwo tinaikapo pulogalamu yotchedwa keepalived. Woyamba amatumiza kauthenga sekondi iliyonse kosonyeza kuti ali moyo. Wachiwiri amangomvetsera, koma kauthengako kakasiya kufika kwa masekondi 3 kapena 4, iye amatenga adiresi ya laibulale naima pakhomo. Masamba akuluakulu a pa dziko lapansi amachita chimodzimodzi, kungoti akapitawo awo ndi ambiri, ndipo amakhala m'mizinda ndi m'maiko osiyanasiyana.

Mawu otsiriza

Pa teremu yachitatu makalasi onse awiri a Fomu 4 analowanso pamodzi madzulo ambiri, ndipo laibulale siinagwe. Sukulu siinagule kompyuta yatsopano. Zimene zinasintha ndi izi zokha: ntchito inagawidwa monga mwa mphamvu ya yense, panapezeka woyang'anira amene wadwala, ndipo woyang'anirayo anapatsidwa womulowa m'malo.

Koma ndisabise kuti ntchito siinathe. Kumbukirani kabuku ka miyeso kaja, malo amodzi osungira maina ndi mayankho a anthu. Kufikira lero malowo ali pa kompyuta imodzi yokha, ndiyo laibulale yakale. Tsiku limene aphunzitsi anazula chingwe, anazula cha seva yachiwiri. Akanazula cha yoyamba, manotsi ndi mapepala akanaonekabe, koma mafunso odziyesera akanaima onse. Iwo anadziwa zimenezi, ndipo potuluka anandinong'oneza kuti chaka chamawa adzazula chinacho.

Ine chaka chamawa sindidzakhalapo. Tsono ndipempha inu a Fomu 2 ndi a Fomu 3, anyamata ndi atsikana omwe, kuti mubwere ku kalabu Lachitatu lililonse tikaweruka. Simufunika kudziwa kanthu poyamba, pakuti ifenso sitinkadziwa. Malamulo onse amene tinalemba, pamodzi ndi zolakwa zathu zonse, tazisiya m'kope lofiira limene lili mu kabati ya m'chipinda cha makompyuta. Yambani ndi tsamba lomaliza, pamene talembapo za kabuku kaja.

Ndithokoza aphunzitsi athu oyang'anira kalabu chifukwa cha kuleza mtima kwawo, ndi anzanga a Fomu 4 chifukwa cha kutikalipira, pakuti akanakhala chete sitikanaphunzira zonsezi.

Mlembi wa Kalabu ya Makompyuta, Fomu 4